Munda wa Makolo ndi Magazi a Abale: Chifukwa Chake Wopha Salandira Mirath

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mwini thambo ndi nthaka. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo athu m'Chisilamu, pali mawu amene amamveka m'makomo ambiri a alimi: "Ukapanda kundimvera, munda uwu sudzauona." Kholo limayankhula mawuwa litatopa kapena litakwiya, ndipo mwana amawamva khasu lili m'manja. Nthawi zambiri zimathera pomwepo, kukacha onse n'kulawirira kumunda. Koma nthawi zina mawuwa amakhazikika mumtima. Mwana amayamba kuona ngati chomwe chikumutsekereza kuti ayambe moyo wake ndi mpweya wa bambo ake. Zikafika apo Shaytwan wapeza khomo.

M'nkhani ino tikufuna tione momwe kupanikiza kwa makolo ndi kudikira cholowa cha munda zingafikitsire munthu pa maganizo akupha, komanso momwe Shariah idatsekera njira imeneyi mbali zonse ziwiri, kwa mwana ndi kwa kholo lomwe.

Zomwe zidachitika ku White House Farm

Tiyambe ndi mlandu wodziwika wa ku England. Usiku wa pa 6 kuchera pa 7 Ogasiti 1985, anthu asanu a banja limodzi adawomberedwa m'nyumba ya pa famu yotchedwa White House Farm, pafupi ndi mudzi wa Tolleshunt D'Arcy m'dera la Essex. Ophedwawo adali mlimi Nevill Bamber ndi mkazi wake June, onse a zaka 61, mwana wawo wamkazi Sheila Caffell wa zaka 28, ndi ana a Sheila amapasa a zaka 6.

M'banjamo adatsala mwana wamwamuna, Jeremy Bamber, wa zaka 24. Iye ndi Sheila onse adali ana ongowalera, amene banjali lidawatenga ali makanda. Jeremy ankagwira ntchito pa famu ya bambo ake ndipo ankakhala m'mudzi wapafupi wa Goldhanger. Usiku umenewo iye ndi amene adaimbira apolisi, kuwauza kuti bambo ake amuimbira foni kuti Sheila wabalalika mutu ndipo watenga mfuti. Sheila ankadwala matenda a maganizo otchedwa schizophrenia, ndipo mtembo wake udapezeka mfuti ili pamwamba pake. Choncho apolisi poyamba adakhulupirira kuti iye ndiye adapha onsewo kenako n'kudzipha.

Zinthu ziwiri zidatembenuza mlanduwu. Choyamba, patapita masiku ochepa achibale adapeza m'kabati kachitsulo kochepetsa kulira kwa mfuti, kali ndi magazi m'kati. Oimira boma pa mlandu adati ngati kachitsuloko kadali pa mfuti, mfutiyo ikadatalika kwambiri moti Sheila sakadatha kudziwombera, ndiponso wakufa sangadzuke kukabwezera chinthu m'kabati. Chachiwiri, patatha mwezi chibwenzi cha Jeremy chidauza apolisi kuti iye ankayankhula za kupha abale ake. Khoti lidamva kuti ankadandaula zoti makolo akumulamulira moyo wake, komanso zoti mlongo wake akusungidwa m'nyumba ya ku London ndi ndalama za makolo pamene iye akuvutika ndi ntchito ya pa famu. Oimira boma adati cholinga chidali chuma cha banjalo, chomwe chinkaposa mapaundi 400,000.

Mu Okutobala 1986, ku khoti la Chelmsford, mwa anthu 12 amene adasankhidwa kugamula mlanduwu, 10 adamupeza wolakwa ndipo 2 adakana. Adalamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, ndipo apilo yake ya mu 2002 idakanidwa. Iye akukanabe mlanduwu, ndipo alipo anthu amene amamuikira kumbuyo. Ife sitikuzenganso mlandu pano. Chomwe tikutengapo ndi chithunzi chomwe khoti lidachivomereza: mwana womangika ku munda umene sanaukonde, wodzimva kuti akuponderezedwa, woona ngati mbale wake akukonderedwa, ndipo chuma chonse chili kuseri kwa imfa ya makolo. Chumacho sadachilandire, chifukwa malamulo a ku England nawonso salola wopha kupindula ndi imfa ya amene wamupha.

Nkhani yakale kuposa pamenepo

Msilamu akamva mlandu wotere sadabwa ngati wamva zachilendo. Mu Surah Al-Baqarah, ndime 67 mpaka 73, Allah akutiuza za ana a Israeli amene adapha munthu n'kumakankhirana mlandu, mpaka Mneneri Musa (Alayhi salaam) adalamulidwa kuti awauze azinge ng'ombe. Mtembo utamenyedwa ndi gawo la ng'ombeyo, Allah adauukitsa, ndipo zomwe ankabisa zidaululika.

Qur'an sidatchule chomwe munthuyo adafera. Koma omasulira akale monga Imam At-Tabari ndi Ibn Kathir adalemba zomwe zidachokera kwa ophunzira oyambirira, kuti wophedwayo adali wolemera wopanda mwana, ndipo mlowam'malo wake adali m'bale wake wapafupi. Iyeyu adaona kuti imfa ikuchedwa. Adamupha, n'kukataya mtembo usiku pakhomo pa anthu ena, m'mawa n'kukhala woyamba kulira ndi kufuna chilungamo.

Taonani kufanana kwake. Wophera cholowa sangangopha n'kuthawa, chifukwa akathawa cholowacho chimuphonya. Amayenera kukhalapo, kulira maliro, ndi kupeza wina woti asenze mlandu. Choncho tchimo limodzi limabala ena: bodza, umboni wonama, ndi kunamizira munthu amene sangathe kudziyankhira.

Chitseko choyamba: wopha salandira

Ophunzira a fiqh amatchula zinthu zomwe zimamuchotsa munthu pa mndandanda wa olandira mirath ngakhale ali mwana weniweni, ndipo chimodzi mwa izo ndi kupha. Mu hadith yomwe adailandira Imam Tirmidhi ndi Ibn Majah kuchokera kwa Abu Hurairah (Radhiya Allahu anhu), Mtumiki (Swalla Allahu alayhi wasallam) adanenetsa kuti wopha alibe gawo pa chuma cha amene wamupha. Pa kupha mwadala, madhhab onse anayi amagwirizana. Amasiyana pa kupha mwangozi: Imam Malik amati wopha mwangozi alandire gawo lake pa chuma koma asalandire pa diya, yomwe ndi dipo la magazi, pamene Imam Shafi'i adatseka khomo lonse, kuti kupha kwa mtundu uliwonse kumaletsa kulandira. Kukhwimitsa kotereku n'koti pasapezeke wokonza chiwembu n'kudzati idali ngozi.

Maziko ake ndi lamulo lodziwika la fiqh, loti wothamangira chinthu nthawi yake isanakwane amalangidwa pomumana chinthucho. Tipereke chitsanzo. Bambo wamwalira, makolo ake adamwalira kale, ndipo wasiya mkazi, ana aamuna atatu ndi wamkazi mmodzi. Ngongole zabwezedwa, patsala munda wa maekala 8. Mkazi alandira gawo limodzi mwa magawo 8, lomwe ndi ekala imodzi. Maekala 7 otsalawo, mwana wamwamuna aliyense alandira 2 ndipo wamkazi alandira 1. Tsopano ngati mmodzi mwa anyamatawo ndi amene wapha bambowo, amawerengedwa ngati kulibe. Maekala 7 aja agawidwa kwa atatu otsalawo. Iye amene akadangodekha akadalandira maekala 2, watsala wopanda ngakhale mzere umodzi.

Kumanidwa munda n'kochepa poyerekeza ndi zomwe zili kutsogolo. Surah An-Nisa ndime 93 ikulonjeza Jahannam, mkwiyo wa Allah ndi temberero Lake kwa wopha wokhulupirira mwadala. Surah Al-Maidah ndime 32 ikuyerekeza kupha munthu mmodzi popanda chifukwa ndi kupha anthu onse, ndipo ikubwera pambuyo penipeni pa nkhani ya ana awiri a Adam, pomwe magazi oyamba padziko adakhetsedwa ndi m'bale chifukwa cha kaduka. Bukhari ndi Muslim adalandiranso kuti milandu yoyamba kuweruzidwa pakati pa anthu tsiku la Qiyamah idzakhala ya magazi.

Chitseko chachiwiri: munda si chikwapu cha kholo

Ambiri timaima pamenepa, n'kuiwala kuti Shariah idayankhulanso kwa makolo. Mawu aja akuti "sudzauona" ali ndi mphamvu pokhapokha ngati kholo ndi lomwe limagamula za olandira. M'Chisilamu mphamvu imeneyo kholo lilibe. Magawo adawaika Allah mwini wake mu Surah An-Nisa, ndime 11, 12 ndi 176. Ndime 7 ikunena kuti amuna ali ndi gawo, akazinso ali ndi gawo, kaya chosiyidwacho ndi chochepa kapena chambiri. Mu ndime 11 Allah akutikumbutsa kuti ife sitidziwa pakati pa makolo athu ndi ana athu amene adzatithandize kwambiri. Mwana amene lero tikumuyesa wosamvera akhoza kukhala amene adzatisamale tikadzagona pamphasa.

Njira zozembera nazonso zidatsekedwa. Wasiya, kapena kuti wilu, siingapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a chuma. Sa'd bin Abi Waqqas (Radhiya Allahu anhu) atadwala ku Makkah adapempha kuti apereke magawo awiri mwa atatu, kenako theka, ndipo Mtumiki adakana zonsezo. Adamulola gawo limodzi mwa atatu, n'kumuuza kuti ngakhale limenelo ndi lambiri, ndiponso kuti kusiya alowam'malo ali ndi chuma n'kwabwino kuposa kuwasiya akupemphapempha. Komanso wasiya siilembedwera munthu amene ali kale ndi gawo lake, pokhapokha alowam'malo enawo atalola.

Nanga kupereka mphatso kholo lili moyo? Apa pali nkhani ya Nu'man bin Bashir (Radhiya Allahu anhuma). Bambo ake adamupatsa mphatso iye yekha, ndipo mayi ake adafuna kuti Mtumiki akhale mboni. Mtumiki adafunsa ngati ana onse apatsidwa chimodzimodzi. Atamva kuti ayi, adakana kuikira umboni chinthu chopondereza, n'kuwalamula bambowo kuti aope Allah ndi kuchita chilungamo pakati pa ana awo. Bashir adabweza mphatsoyo.

Tikaphatikiza zonsezi, tiona kuti mwana wa m'banja la Chisilamu sayenera kukhala ndi mantha oti wilu isintha mawa, kapena kuti mng'ono wake amulanda malo pokometsa pakamwa kwa bambo. Mantha amenewa ndi amene amafulumizitsa anthu kuchita zoipa. Kholo loopseza mwana ndi cholowa likugwiritsa ntchito chinthu chomwe si chake, ndipo likudzala udani umene udzakololedwe ndi ana ake.

Izi sizikutanthauza kuti kholo lisalangize mwana kapena kumupempha thandizo. Ndi udindo wa ana kusamala makolo. Koma kukakamiza mwana wamkulu kusiya sukulu, ntchito kapena banja lake kuti akhale wantchito wosalipidwa, malipiro ake n'kukhala lonjezo la pambuyo pa maliro, ndi kumuphunzitsa kuwerenga masiku a kholo lake.

Nanga amene walima zaka zonse?

Funso ili limabwera kawirikawiri, ndipo ndi lomveka. Mwana mmodzi watsala pamudzi zaka 15, walima, wagula feteleza, wadzala mitengo. Abale ake ali ku Blantyre, ena ku Joni. Kodi tsiku logawa alandire chimodzimodzi ndi iwo?

Mirath si malipiro a ntchito. Gawo lake monga mwana silikula chifukwa cha thukuta, ndipo la m'bale wake silichepa chifukwa chokhala kutali. Koma thukutalo lili ndi njira yake, ndipo njirayo iyenera kutsegulidwa kholo lili moyo. Bambo ndi mwana akhoza kupangana malipiro, kapena kugawana zokolola monga momwe Mtumiki adapanganirana ndi anthu a ku Khaibar kuti azilima n'kumatenga theka la zokolola. Ngati mwana waika ndalama zake pomanga khola, chitsime kapena nyumba pamalopo, zilembedwe pamaso pa mboni, monga momwe Surah Al-Baqarah ndime 282 ikutilamulira pa nkhani ya ngongole. Malipiro omwe adapanganidwa koma sadaperekedwe ndi ngongole, ndipo ngongole imabwezedwa chuma chisanagawidwe. Tikatero mwana amadya za ntchito yake lero, ndipo moyo wautali wa bambo ake sukhalanso chomulepheretsa.

Chimodzimodzi mwana wongomulera. M'Chisilamu iye alibe gawo loikika pa chuma cha omulera, chifukwa Surah Al-Ahzab ndime 4 ndi 5 idasunga mzere wa kubadwa. Koma akhoza kupatsidwa mphatso omulerawo ali moyo, kapena kulemberedwa wasiya mpaka gawo limodzi mwa atatu. M'makomo mwathu muli ana amasiye ambiri amene akulima minda ya amalume ndi azakhali awo. Tiwauze zoona msanga ndi kuwakonzera pokhala, asadzamve koyamba pa tsiku la sadaka.

Kwa ana: kupanikizidwa si chilolezo

Tinene momveka kuti kufotokoza chomwe chimamufikitsa munthu pa tchimo si kumuchotsera tchimolo. Surah Al-Isra ndime 23 ikuletsa ngakhale liwu laling'ono losonyeza kunyansidwa kwa makolo okalamba. Surah Luqman ndime 15 ikunena za makolo okakamiza mwana kuchita shirk, komwe ndi kupanikiza kwakukulu kuposa kwina kulikonse, ndipo ngakhale pamenepo lamulo ndi loti asawamvere pa zimenezo koma akhale nawo mwaubwino pa dziko lino. Ngati zili choncho pa shirk, nanga pa munda?

Mnyamata amene akudzimva kuti wamangidwa ali ndi makomo ambiri a halal. Akhoza kuyankhula ndi bambo ake mwaulemu, kuitana amalume kapena shehe kuti akhale pakati, kubwereka munda wina, kapenanso kuchoka kukafuna rizq kwina uku akuwathandiza makolo ali komweko. Ndipo ngati wina wayamba kumva mumtima mawu oti zikadakhala bwino akadangofa, asawasunge yekha. Apemphe chitetezo kwa Allah ndipo auze munthu wokhulupirika tsiku lomwelo. Ifenso tikamva m'bale akuyankhula zotere, tisaseke ngati nthabwala. Pa mlandu wa ku Essex, khoti lidamva kuti mawu otere adayankhulidwa imfa zisanachitike.

Chifukwa si umboni

Pali mbali ina yofunika kusamala. Kukhala ndi chifukwa chophera si umboni woti munthu wapha. Pafupifupi mwana aliyense amapindula ndi cholowa, ndipo mabanja ambiri adakanganapo za malire. Nkhalamba ikamwalira mwadzidzidzi, si chilungamo kuloza chala mwana amene adakangana nayo mwezi watha. Surah Al-Hujurat ndime 12 ikutichenjeza kuti kuganizirana kwina ndi tchimo, ndipo lamulo la Shariah ndi loti wosuma abweretse umboni. Kufufuza ndi ntchito ya apolisi, kugamula ndi ntchito ya khoti. Gulu la anthu okwiya lonyamula miyala silikuchita Shariah, likuwonjezera magazi pa magazi.

Tikumbukirenso kuti wofuna munda amatha kugwiritsa ntchito gulu lomwelo. Kwathu kuno timamva za agogo omenyedwa ndi kuphedwa powanamizira ufiti. Tisanathamangire komwe kuli phokoso, tidzifunse kuti agogowa akachoka, munda wawo autenga ndani. Lamulo la dziko lino la Witchcraft Act la 1911 limaletsa kumunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo Chisilamu chimaletsa kunamizira.

Zomwe tingachite m'mabanja mwathu

Kuno ku Malawi minda yambiri ndi ya makolo, yoyang'aniridwa ndi mafumu, ndipo m'madera monga Mangochi ndi Machinga yambiri imayenda motsata mbumba ya kuchikazi. Mirath imagawa chomwe chidali chake cha womwalirayo. Choncho ntchito yoyamba ndi kusiyanitsa, akuluakulu ali moyo, munda wa mbumba ndi munda umene munthu adagula kapena kupatsidwa yekha. Lamulo la Customary Land Act la 2016 lidatsegula njira yolembetsera malo otere. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limalola munthu kulemba wilu, ndipo lidaika kulanda katundu wamasiye kukhala mlandu. Msilamu wofuna kuti chuma chake chidzagawidwe motsata Shariah alembe zimenezo mu wilu, mothandizidwa ndi shehe wodziwa mirath komanso wodziwa malamulo a dziko.

Munthu akamwalira, tisachedwetse kugawa zaka ndi zaka, chifukwa munda wosagawidwa umasanduka wa amene ali ndi mphamvu. Sa'd bin Ar-Rabi' (Radhiya Allahu anhu) atafera ku nkhondo ya Uhud, m'bale wake adatenga chuma chonse. Mkazi wamasiye adakadandaula, ndipo Mtumiki adalamula kuti ana aakazi awiriwo apatsidwe magawo awiri mwa atatu, mayi awo gawo limodzi mwa 8, m'baleyo atenge chotsala. Wosuntha malire akumbukire hadith ya Bukhari ndi Muslim, yoti wolanda nthaka ngakhale yotalika ngati chikhatho adzavekedwa nthakayo m'khosi tsiku la Qiyamah kuchokera m'nthaka zisanu ndi ziwiri.

Kwa inu makolo amene muli ndi munda ndi ana akuluakulu, aitaneni onse, aamuna ndi aakazi, zokolola za chaka chino zisanalowe m'nkhokwe. Muwauze chomwe ndi chanu, chomwe ndi cha mbumba, ngongole zomwe muli nazo, ndi zomwe mwapangana ndi amene akukulimirani. Zilembedwe, mboni zisayine. Kuyankhula za imfa sikuitana imfa, pakuti nthawi ya aliyense idalembedwa kale.

Tikupempha Allah ayike chikondi ndi chilungamo pakati pa makolo ndi ana, atiteteze ku umbombo wa mitima yathu, atikwaniritse ndi za halal kuti tisafune za haraam, ndipo atichotse pa dziko lino m'manja mwathu mulibe magazi kapena nthaka ya munthu wina. Ameen.